Nyimbo yanu ilibe dambwe

Ana anga amene mukulowa m'situdiyo masiku ano, wina asakunamizeni kuti makolo athu sankatukwana. Ankatukwana ndithu. Gule akatuluka pamaliro, nyimbo zina zimatchula ziwalo mosapsatira. Kutsimba anamkungwi amalanga namwali ndi mawu oti sungawabwereze pamaso pa bambo ako, ndipo asuweni amanyogodolana mpaka mlendo kugwira pakamwa. Koma zonsezi zili ndi malo ake, nthawi yake ndi eni ake. Gule akabwerera kudambwe, mawuwo amapita naye.

Nyimbo yanu mukaitulutsa Lachisanu, Loweruka ikulira m'minibasi ya ku Ndirande, momwe mkamwini wapanikizana mpando umodzi ndi apongozi ake, mdzukulu ali pamiyendo. Dalaivala satsitsa wailesi. Mayiwo amangoyang'ana pawindo, mkamwini n'kumanamizira kufufuza kanthu m'foni, pomwe kamwanako kakuloweza mawu onse kuti kakawayimbe pakhomo madzulo. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa mwa atatuwa palibe anapempha kuti amve.

Mumati popanda kutukwana uthenga suluma. Nanga Lucius Banda, amene anatisiya mu 2024? Anadzudzula olamula mpaka nyimbo zake zina kuletsedwa pa MBC, koma agogo ankaziyimba pamodzi ndi adzukulu awo. Amayi a pamtondo ankasambitsa chokweza mwamuna woledzera mophiphiritsa, mudzi wonse n'kudziwa amene akunenedwa. Luso lagona pamenepo. Kutukwana amatha aliyense, ngakhale chidakwa cha kachasu.

Onaninso amene zolaulazo zimamugwera. Kawirikawiri ndi mkazi: thupi lake, kapena mayi wa mnzako amene sanakulakwire kanthu. Mu 2018 a Censorship Board analetsa nyimbo ya Mwiza Chavura yoopseza kugwiririra mkazi, mwini wake n'kumangidwa. Sindikulakalaka masiku a Kamuzu, pomwe lamulo la 1968 linkatseka pakamwa aliyense mpaka kuletsa nyimbo yachizungu chifukwa cha dzina loti Cecilia. Mawu anu musadikire kuti akusankhireni a boma.

Pakamwatu pamazolowera. Mawu amene mumaponyerana pabawo kapena pampira adzakupulumukani tsiku la chinkhoswe, ankhoswe ali chete kumvetsera. Choncho musanatumize nyimbo kuwailesi, yambani mwawayimbira azakhali anu. Mzere umene mwaudumpha pamaso pawo, kauchotseni.