Phunziro 21: Buku loyenera la cinenero ca manja

1. Kuwerenga

Anthu ambiri amalankhula ndi pakamwa. Amamva ndi makutu. Anthu ena samva ndi makutu. Iwo ndi ogontha. Ogontha amalankhula ndi manja. Amamvera ndi maso. Kulankhula kotere dzina lake ndi cinenero ca manja.

Mwana wogontha si mwana wosamvera. Ali ndi nzeru monga anzake. Amasewera. Amaseka. Amafuna kufunsa mafunso. Cimene amasowa ndi anthu olankhula naye.

Cinenero ca manja ndi cinenero ceniceni, monga Cinyanja ndi Cipwitikizi. Cili ndi malamulo ake. Cili ndi mawu ake. Mawu ake ndi zizindikiro. Zizindikirozi zimasonkhanitsidwa m'buku la mawu. Buku lotere pa Cipwitikizi amati dicionário.

2. Dziko lililonse ndi cinenero cake

Cinenero ca manja si cimodzi. Padziko lapansi zinenero za manja zilipo zoposa 200.

Ogontha a ku Moçambique ali ndi cawo. Dzina lake ndi Língua de Sinais de Moçambique. Mwacidule amalemba LSM. Ca ku Brasil ndi Libras. Ca ku Portugal ndi LGP. Ca ku America ndi ASL.

Ku Brasil ndi ku Portugal anthu amalankhula Cipwitikizi, monga ku Moçambique. Koma zinenero zawo za manja ndi zosiyana. Ku Malawi ndi ku Zambia anthu ambiri amalankhula Cinyanja, monga ku Angónia. Koma ogontha a kumeneko ali ndi zinenero zawozawo.

3. Buku la amalume

Pa mudzi wina panali mtsikana wa kalasi yoyamba. Mtsikanayo anali ndi mlongo wake wa zaka zitatu. Mlongo wakeyo anali wogontha.

Tsiku lina amalume awo anabwera kucokera ku tawuni. Anabweretsa buku la zithunzi za manja. Pansi pa zithunzi panali mawu a Cipwitikizi.

— Zikomo, amalume! Tsopano ndidzaceza ndi mlongo wanga, anatero mtsikana.

Mtsikanayo anaphunzira zizindikiro khumi. Loweruka anapita ku msika ndi amayi ake. Ku msikako kunali bambo wina wogontha, wosoka zovala. Mtsikana anawapatsa moni monga anaonera m'buku. Bamboyo anamwetulira, koma anapukusa mutu. Zizindikiro zambiri sanazidziwe.

Lolemba mtsikana anatenga buku kupita nalo ku sukulu.

— Aphunzitsi, kodi bukuli ndi labodza?

Aphunzitsi anayang'ana pacikuto. Analoza mawu akuti Libras.

— Si labodza, mwanawe. Ndi buku labwino la ana a ku Brasil. Mlongo wako akufunika buku la LSM. Akakula adzaceza ndi ogontha a kuno.

Kuyambira sabata imeneyo, mtsikana ndi amayi ake ankapita kwa bambo wosoka uja. Mlongo wake ankapita naye. Bamboyo ankawaonetsa zizindikiro za kuno.

4. Zigawo zisanu za cizindikiro

Mawu akuti mbale ndi mbala amasiyana pa cilembo cimodzi cokha. Koma mbale si mbala! Zizindikiro nazonso zili conco. Kanthu kakang'ono kakasintha, tanthauzo limasintha.

Cizindikiro cili ndi zigawo zisanu:

1. Mmene zala zapindikira kapena kutambasukira.
2. Malo amene dzanja lili: pamphumi, pacibwano, pacifuwa kapena patsogolo pa thupi.
3. Mmene dzanja likuyendera.
4. Kumene cikhato cayang'ana: kumwamba, pansi, kutsogolo kapena kumbuyo.
5. Mmene nkhope ikuonekera. Nkhope imasonyeza ngati munthu akufunsa, akukana kapena akudabwa.

Cithunzi ca m'buku sicisuntha. Ndiye cifukwa cake mabuku abwino amaika mivi pa zithunzi. Muvi umasonyeza kumene dzanja likupita. Ngakhale zili conco, buku lokha silikwana. Wophunzira ayenera kuona manja a munthu wogontha akuyenda.

5. Kwa makolo ndi abale

Mwa ana 10 ogontha, pafupifupi 9 amabadwa kwa makolo akumva. Makolo otere sanaphunzirepo cinenero ca manja. Nthawi zambiri banja limapanga zizindikiro zakezake za madzi, nsima ndi kugona. Zimenezi zimathandiza pakhomo. Koma ndi zocepa, ndipo anthu a kunja sazidziwa.

Mwana amaphunzira cinenero mosavuta m'zaka zake zoyamba. Akacedwa kucipeza, kuwerenga ndi kulemba kumamuvuta pambuyo pake. Conco banja lisadikire kuti mwana ayambe sukulu. Cinenero ca manja siciletsa mwana kuphunzira kulankhula ndi pakamwa, ngati angathe kutero.

Banja likapeza buku, kapena kanema wa pa foni, lidzifunse mafunso anayi awa.

Kodi ndi la dziko liti? Dzina la cinenero limalembedwa pacikuto kapena pa tsamba loyamba. Pa intaneti makanema ambiri a Cipwitikizi ophunzitsa manja ndi a ku Brasil. Banja lifune zilembo zakuti LSM.

Analipanga ndani? Buku lodalirika limanena dzina la sukulu kapena bungwe limene linalipanga. Limanenanso caka. M'caka ca 2013, Universidade Eduardo Mondlane ya ku Maputo inasindikiza buku la mawu la LSM. Dzina lake ndi Dicionário da Língua de Sinais de Moçambique. Analikonza ndi mphunzitsi Armindo Ngunga pamodzi ndi anzake, ku Centro de Estudos Africanos. Mapepala opanda dzina ndi opanda caka ndi ofunika kusamala nawo.

Kodi ogontha anagwira nawo nchitoyo? Eni ake a cinenero ndi ogontha. M'caka ca 1965, ku Washington, William Stokoe anatulutsa buku lochuka la mawu a ASL. Sanalilembe yekha. Analilemba ndi anzake awiri ogontha, Dorothy Casterline ndi Carl Croneberg. Ku Moçambique ogontha ali ndi bungwe lawo. Dzina lake ndi Associação dos Surdos de Moçambique, mwacidule ASUMO.

Kodi ogontha a kuno akulivomera? Banja litenge buku kupita nalo kwa munthu wamkulu wogontha amene amadziwa LSM. Limuonetse zizindikiro zingapo. Mwina iye adzaonetsa cizindikiro cosiyana pang'ono ndi ca m'buku. Zimenezi sizodabwitsa. Cinyanja ca ku Angónia naco cimasiyana pang'ono ndi ca ku Lago. Banja lisunge zonse ziwiri. Koma ngati sakudziwa pafupifupi zonse, ndiye kuti bukulo ndi la kwina.

Mabuku ena amangoonetsa zilembo za pa zala: A, B, C. Zilembozi zimathandiza polemba maina a anthu ndi a malo. Koma zilembo zokha si cinenero. Mwana wa zaka zitatu sanayambe kudziwa zilembo. Iye amafuna cizindikiro ca madzi, ca amayi, ca kupweteka.

Pofuna thandizo, makolo angayambe ndi aphunzitsi aakulu a pa sukulu. Angafunsenso ku ofesi ya maphunziro ya distrito. Asacite manyazi, pakuti akupempha za ufulu wa mwana. Lamulo Lalikulu la dziko la 2004, pa ndime 125, limapatsa boma udindo wokonza njira zoti cinenero ca manja ciphunziridwe ndi kukula.

Pakhomo, banja lonse liphunzire pamodzi, agogo ndi ana omwe. Zizindikiro ziwiri kapena zitatu pa tsiku ndi zokwanira. Ziyambe ndi zinthu zimene mwana amaziona: mbuzi, moto, mtondo, mpira. Wolankhula ayang'anane ndi mwana. Pofuna kumuitana, amugwire paphewa pang'onopang'ono. Usiku akhale pafupi ndi nyale kapena moto, kuti manja ndi nkhope zioneke.

Pa 23 Seputembala caka ciliconse ndi tsiku la zinenero za manja padziko lonse. Bungwe la maiko onse la ONU linasankha tsikuli m'caka ca 2017. Sukulu ingaitane munthu wogontha pa tsikuli kuti adzaphunzitse ana.

6. Mawu atsopano

wogontha: munthu amene makutu ake samva

cizindikiro: liwu la m'cinenero ca manja

cikuto: tsamba lolimba la kunja kwa buku

cikhato: mkati mwa dzanja

7. Mafunso

1. Kodi ogontha amalankhula ndi ciyani?
2. Kodi cinenero ca manja ca ku Moçambique amacilemba bwanji mwacidule?
3. Buku la amalume linali la dziko liti?
4. Cifukwa ciyani bambo wosoka zovala anapukusa mutu?
5. Nenani zigawo ziwiri za cizindikiro.
6. Cifukwa ciyani mabuku abwino amaika mivi pa zithunzi?

8. Nchito

a) Ikani dzanja lanu pa kope. Lembani mzere kuzungulira zala. Werengani zala.

b) Khalani awiriawiri. Wina afunse mnzake ndi nkhope yokha, osalankhula. Kenako asonyeze kukana. Mnzake anene zimene waona.

c) Koperani m'kope: LSM. Manja amalankhula. Maso amamva.

d) Kunyumba, werengani gawo 5 pamodzi ndi makolo. Ngati pa mudzi pali munthu wogontha wodziwa LSM, pitani ndi munthu wamkulu. Mupempheni mwaulemu kuti akuonetseni zizindikiro zitatu. Mawa mudzaonetse anzanu m'kalasi.