Kochi angatithawe mgwirizano usanathe?

Funso: Kuno ku Mzimba boma, pa depoti ndi mumsika nkhani ndi imodzi: akuti kochi wa timu yathu akunyengereredwa ndi adani athu. Kodi angachoke mgwirizano usanathe? Ndine wosapota wa ku Engutwini.

Yankho: Angachoke, achimwene. Mgwirizano sumanga miyendo ya munthu. Chimene umachita n'kuika mtengo. Kochi akafuna kuchoka nthawi isanakwane, matimu awiriwo amakambirana, ndipo kawirikawiri timu yomufunayo ndiyo imalipira chipukuta misozi. Akakanika kumvana, nkhani imapita ku bungwe loyendetsa mpira la FAM.

Ngakhale chikho sichimusunga kochi. Peter Mponda adapambana ligi ya TNM ndi Silver Strikers mu 2024, koma 2025 idamupeza ali ku FCB Nyasa Big Bullets, kumene adali kaputeni masiku ake osewera. Adakalowa m'malo mwa Kalisto Pasuwa, yemwe adatenga timu ya dziko lino ya Flames. A Silver adatsala kukamwa yasa.

Za pa depotizo musazitengere pamtima. Funsani kuti mgwirizano wake utha liti, ndiponso ngati malipiro akumufika pa nthawi yake. Akuluakulu a timu akayamba kuzemba mafunso awiriwa, dziwani kuti chilipo chikuphikidwa.