Malangizo: Ululu wa Pobereka

Kwa amayi a ku Msanzala, Petauke ndi Nyimba. Kuchinamwali munauzidwa kuti mkazi salira pobereka. Ife tikuti buulani ndithu, si mlandu.

Ululu umene umabwera n'kuleka, kubweranso n'kuleka, uli pa ntchito: chiberekero chikukankha mwana, khomo lake likutseguka mpaka masentimita 10. Ukamayandikana, mwana ali m'njira. Yendayendani, pumani mozama, apongozi akusisiteni msana.

Ku London zipatala zina zili ndi mabafa a madzi ofunda ochiriramo, mzamba ali pambali. Madziwo amafewetsa thupi, ululu n'kuchepa. Kwathu kuno, chitenje choviika m'madzi ofunda n'kuika m'chiuno chimathandizanso. Koma musakhale m'beseni nsupa itasweka.

Ululu wina ndi wangozi: mimba kuuma gwa osaleka, magazi kutuluka, mutu kuwawa mpaka maso kuchita chidima, kapena matenda kupitirira maola 12. Apo achibale musamufunse mayi kuti anayenda ndi ndani, musamumwetse zitsamba zofulumizitsa, zimatha kung'amba chiberekero. Pezani galimoto, thamangani naye ku Minga, ku Kalindawalo kapena kuchipatala cha Nyimba.

Okhala kutali, mwezi ukakwana kadikirireni kuchipatala konko.