Dziwani ufulu wanu: voti ya khansala si yongotaya

Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala. Mwina n'chifukwa chake ambiri ku Nsaru ndi Kabudula amaona pepala lovotera khansala ngati longoperekeza la pulezidenti ndi la phungu. Kumeneku n'kudzimana. Khansala amene munamusankha pa 16 September 2025 amakuyimirirani m'khonsolo ya boma la Lilongwe, yomwe imavomereza bajeti, kukhazikitsa malamulo a m'dera ndi kutolera ndalama ya chiphaso imene mayi wogulitsa tomato amalipira pamsika wa Namitete kapena Mpingu.

Ena amati khansala alibe mano, mphamvu zili kwa phungu. N'zoona kuti kuyambira 2010 aphungu amavota nawo m'khonsolo, ndipo mawu awo amalemera. Komatu phungu amatanganidwa ndi Nyumba ya Malamulo, pamene khansala mumakumana naye pamaliro ndi pamisonkhano ya komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC). Mufunseni za mjigo wakufa ndi zimbudzi za pamsika. Akamazemba, lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kulembera khonsolo kufunsa momwe ndalama za chiphaso zija zayendera.