Mafunso ndi Mayankho: Imelo ndi Linux pa Kompyuta Yanu

Wowulutsa: Makalata achuluka sabata ino, ndiye tisachedwe. Yoyamba yachokera kwa aphunzitsi ena a ku Dedza. Akuti, "Laputopu yanga ili ndi Windows 10 ndipo ikukana Windows 11. Ndamva kuti Windows 10 inatha ntchito. Kodi ndiitaye?" Bambo, mukuti bwanji?

Katswiri: Zikomo aphunzitsi. Musaitaye ayi. Chinachitika n'chakuti pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale. Laputopuyo iziyakabe, koma mipata yatsopano imene akuba a pa intaneti angapeze izikhala yosatseka, pokhapokha mutalowa m'ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi, imenenso ili ndi malire. Windows 11 ikukana chifukwa imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa ya zaka zaposachedwa. Makompyuta ambiri amene timagula atagwirapo kale ntchito kunja sakwanitsa zimenezi.

Njira ina ndi Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, m'dziko la Finland. Ndi yaulere, ndipo malamulo ake amalola aliyense kuona mmene anaipangira, kuikonza ndi kugawira anzake. Mukaika Linux pa makompyuta khumi a kusukulu kwanu, palibe adzakufunseni laisensi.

Wowulutsa: Bambo ena amene ali ndi golosale ku Chipata alemba kuti, "Mwana wanga akuti ndiike Ubuntu, mnzake akuti Mint, wina akuti KDE. Mutu wandizungulira."

Katswiri: Bambo, anyamatawo akusakaniza zinthu ziwiri. Ubuntu ndi Linux Mint ndi mitundu ya Linux yathunthu, yobwera ndi mapulogalamu ake. Koma KDE Plasma, GNOME, Cinnamon ndi Xfce ndi zimene mumaona pa sikirini mukayatsa kompyuta: pamene pali menyu, mmene mafoda amatsegukira, pamene mumadina pofuna kuzimitsa. Zimenezi ndi zimene amati desktop.

Ubuntu, imene inatuluka koyamba mu 2004 kuchokera ku kampani ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa, imabwera ndi GNOME. Ndi yooneka bwino koma imafuna memori yochulukirapo, ndipo munthu wozolowera Windows amayamba wasochera kaye. KDE Plasma ndi ya anthu okonda kusinthasintha chilichonse. Inu amene mukungofuna kulemba mitengo ya katundu ndi ngongole za makasitomala, tengani Linux Mint ya Cinnamon. Menyu yake ili m'munsi kumanzere, pamalo pomwe dzanja lanu linazolowera. Ngati kompyutayo ili ndi memori ya 2 GB yokha, tengani Mint ya Xfce kapena Lubuntu, zimene ndi zopepuka. Ana akaumirira Ubuntu, awuzeni atenge yolembedwa LTS. Imeneyi imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse ndipo imasamalidwa zaka 5.

Wowulutsa: Mayi ena, mlembi wa mpingo ku Zomba, ali ndi dandaulo. Akuti, "Ndili ndi maadiresi atatu a imelo. Netiweki ikadula sinditha kuwerenga ngakhale uthenga wa dzulo, ndipo bandulo imatha msanga."

Katswiri: Mayi, vuto lanu si la Windows kapena Linux. Mukuwerengera imelo mu Chrome kapena Firefox, choncho nthawi iliyonse mukafuna uthenga, muyenera kukautenga pa intaneti. Ikani Thunderbird. Ndi pulogalamu yaulere ya a Mozilla, yomwe yakhalapo kuyambira 2004, ndipo imagwira pa Windows, pa Mac ndi pa Linux. Maadiresi atatu onsewo amalowa pamalo amodzi. Imasunga mauthenga pa kompyuta yanu, ndiye netiweki ikadula mumawerengabe, kulemba mayankho n'kuwasunga, n'kuwatumiza ikabwera. Komanso siitsegula yokha zithunzi za m'mauthenga otsatsa malonda mpaka inu mutalola. Pamenepo bandulo imapulumuka, ndipo otumizawo sadziwa kuti mwatsegula uthenga wawo.

Mukamaika adiresi, idzakufunsani kusankha IMAP kapena POP3. Apa tcherani khutu. POP3 ili ngati kupita ku positi ofesi, kutsegula bokosi n'kutenga makalata onse kupita nawo kunyumba. Nyumba ikapsa, apita. IMAP imasiya makalata pa seva n'kukupatsani kope, ndipo mukawerenga kapena kufufuta uthenga pa laputopu, pafoni panunso zimaoneka chimodzimodzi. Sankhani IMAP. Dziwani kuti tsiku loyamba idzakoka mauthenga akale onse, ndiye chitani zimenezi pamalo pamene pali Wi-Fi, kapena iwuzeni isunge a masiku 30 apitawa okha.

Wowulutsa: Nanga palibe ina kupatula Thunderbird?

Katswiri: Zilipo. Evolution imaphatikiza imelo, kalendala ndi maadiresi, ndipo imatha kulumikizana ndi seva za Microsoft Exchange za m'maofesi. KMail imayendera limodzi ndi KDE. Geary ndi yosavuta kwa wongofuna kuwerenga ndi kuyankha. Koma ngati imelo ndi ya kuntchito, yambani mwafunsa oyang'anira makompyuta kumeneko, chifukwa maofesi ena amalola Outlook yokha.

Wowulutsa: Funso lomaliza lachokera kwa wophunzira wa kukoleji ku Mzuzu: "Kodi mafayilo anga a Word ndi Excel adzatseguka pa Linux? Kodi zimenezi si zoseweretsa chabe?"

Katswiri: Adzatseguka, achimwene. Linux Mint imabwera ndi LibreOffice, imene imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel. Nthawi zina matebulo ndi zilembo zimasuntha pang'ono, choncho ntchito yopita kwa aphunzitsi kapena kalata yofunsira ntchito muziisandutsa PDF musanatumize. Koma ngati maphunziro anu amafuna AutoCAD kapena Photoshop, khalani pa Windows, chifukwa mapulogalamu amenewa alibe mtundu wa Linux. Zoseweretsa ayi: mu 2024 boma la chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany linalengeza kuti likusamutsa makompyuta ake pafupifupi 30,000 kupita ku LibreOffice ndi Linux.

Wowulutsa: Nthawi yatithera. Mawu otsiriza kwa omvera?

Katswiri: Musasinthe zonse tsiku limodzi. Yambani ndi Thunderbird ndi LibreOffice pa Windows pomwepo, muzizolowere. Kenako ikani Linux Mint pa fulashi ya 8 GB n'kuyatsira kompyuta pamenepo. Imayenda osakhudza chilichonse chomwe chili mkati, ndipo mutha kuyesa Wi-Fi, mawu ndi pulinta. Zonse zikagwira, koperani mafayilo anu kwina kaye, kenako muiike mu kompyuta.

Wowulutsa: Omvera, pitirizani kutilembera, ndipo potumiza funso muzitchula mtundu wa kompyuta yanu ndi kukula kwa memori yake kuti tikuyankheni molondola.