Maulendo a pa sitima zapamadzi kwa munthu wochokera ku Lilongwe

Funso: Wowerenga wina wa ku Area 47 akufuna kudziwa maulendo a pa sitima zapamadzi amene munthu wokonda malo ovuta kufikako angasankhe, kuphatikizapo ulendo wa ku Antarctica.

Yankho: Antarctica, kontinenti yokutidwa ndi madzi oundana kumwera kwenikweni kwa dziko, imafikika kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo sitima zambiri zimanyamukira ku Ushuaia m'dziko la Argentina n'kuwoloka nyanja yamafunde oopsa ya Drake Passage kwa masiku ngati awiri, koma mtengo wake ndi wa anthu ochepa kwambiri. Ulendo wosaboola m'thumba chotero ndi wa sitima za kampani ya MSC, zomwe m'nyengo ya dzinja zimachoka ku Durban kupita kugombe la Mozambique.

Komabe ulendo woyenera kuyamba nawo ndi wa Ilala, sitima imene inapangidwa ku Scotland n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyenda pa Nyanja ya Malawi kuyambira 1951. Wokwera basi padepoti ya ku Old Town angathe kukaipeza ku Monkey Bay, n'kudutsa nayo ku Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay mpaka ku Chilumba. Kumene kulibe doko, monga ku Usisya, anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono pamodzi ndi matumba a ufa, njinga ndi nkhuku, ena n'kumalizira ulendo akuyenda m'madzi ofika m'chiuno. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo ya mwera imavundula nyanja, choncho amene amachita nseru ndi mafunde asankhe nyengo ina.