Mankhwala Awa Anayesedwa pa Anthu Angati?

Makolo a ku Marapodi, masiku ano dzuwa sililowa tisanamve za mankhwala atsopano. Wina akulengeza m'minibasi yopita ku tauni, wina watumiza uthenga pa WhatsApp, wina wayala mabotolo pamsika. Aliyense ali ndi mboni yake: mayi wakutiwakuti anamwa, shuga inatheratu.

Mboni imodzi siyokwanira. Chimfine chimatha chokha, ndipo chimene munthu anamwa komaliza ndicho chimatamandidwa. Komanso amene anamwa koma osachira sabwera kudzaima pambali pa wogulitsa, ndiye timangomva za ochira okha.

Umboni wolimba umapezeka poyerekeza magulu awiri, ndipo chitsanzo chake chili konkuno ku Lusaka. Kuyambira 2001 mpaka 2003, madokotala a ku chipatala cha UTH, pakati pawo Pulofesa Chifumbe Chintu, anayesa Septrin pa ana oposa 500 okhala ndi HIV. Ambiri ankakayika ngati mankhwalawa angathandize, poti tizilombo tambiri kuno tinali titawazolowera kale. Anawo anagawidwa pawiri mwa maere. Gulu lina linkamwa Septrin tsiku lililonse, lina mankhwala ooneka chimodzimodzi koma opanda mphamvu, ndipo makolo ngakhalenso madokotala sankadziwa kuti mwana uyu ali gulu liti. Maere aja anathandiza kuti ana odwalitsa asaunjikane mbali imodzi. Kusadziwa kuja kunateteza dokotala kuti asamaone zimene mtima wake ukufuna.

Mwa ana 100 aliwonse omwe sankalandira Septrin, 42 anamwalira. Mwa omwe ankalandira anamwalira 28. Kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi isanakwane kuti ana onse ayambe kulandira, ndipo mu 2004 WHO ndi UNICEF analangiza mayiko kutero. Taonani kuti ofufuzawa anawerenga ndi omwalira omwe, sanabise.

Mu 2007 kunatchuka Tetrasil, amene ankati amachiza Edzi. Boma litawapima linapeza kuti ndi mankhwala oyeretsera madzi a m'madamu osambiramo, ndipo linawaletsa. Chopweteka n'chakuti ena anali atasiya kale ma ARV.

Sitikunyoza zitsamba. Coartem amene timamwa tikadwala malungo gwero lake ndi chomera cha ku China. Kusiyana kwake n'kwakuti anayesedwa pa anthu ochuluka, mlingo wake ukudziwika, ndiponso mavuto ake analembedwa.

Choncho musanatulutse ndalama ya ndiwo, funsani: anayesedwa pa anthu kapena pa mbewa chabe? Anthu angati, nanga anawayerekeza ndi ndani? Amene akukuuzaniyo ndi yemweyo akugulitsa? Chenjerani kwambiri ndi botolo limodzi lochiza shuga, BP, khansa ndi kusabereka zonse pamodzi. Yang'anani ngati ZAMRA, bungwe loona za mankhwala m'Zambia, linawalembetsa. Mukakayika, nyamulani botololo mukawaonetse anamwino ku kiliniki, ndipo mankhwala amene munapatsidwa kuchipatala musasiye musanalankhule nawo.

Pa kolera musayese n'komwe zongomva. Tonse tikukumbukira Januwale 2024, pamene bwalo la Heroes linasanduka chipatala. Kolera imapha pomaliza madzi m'thupi, nthawi zina m'maola ochepa. Munthu akayamba kutsegula m'mimba zamadzimadzi, musungunulireni ORS m'madzi owiritsa kapena othira klorini, azimwa pang'onopang'ono muli pa ulendo wa ku kiliniki, ngakhale ukhale usiku.